Makina Oimba ndi Owakonza M'dziko la Mzimba

Dziko la Mzimba, limene pa kukula kwa nthaka yake liposa maboma onse a Malawi, lakhala dziko la nyimbo kuyambira kale lomwe. Pakuti Atumbuka, eni nthaka, anali nazo ng'oma zawo za vimbuza zochiritsa odwala, ndipo Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 nadzakhazikika kuno pansi pa mwana wake M'mbelwa, anadza nayo ingoma, gule wa amuna amene mphamvu yake ili m'mawu, m'mapazi ndi m'zishango. Masiku amenewo nyimbo inalibe posungidwa pena koma m'chifuwa cha munthu, kotero kuti woimba akatsikira kumanda asanaphunzitse mwana kapena mphwake, nyimbo yake inali kutsikira naye komweko, osamvekanso mpaka kalekale.

Oyamba kuyesa kuisunga nyimbo kunja kwa chifuwa anali a mishoni. Donald Fraser, amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, anaona kuti Angoni sadzatamanda Mulungu ndi mtima wonse pa mayimbidwe a ku Scotland okha. Chotero anakhazikitsa mpikisano wa opeka nyimbo, ndipo amuna onga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula anatenga mayimbidwe a makolo awo nawaveka mawu a Uthenga Wabwino. Zambiri za nyimbo zimenezo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo ziimbidwa kufikira lero m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia. Koma pepala linasunga mawu okha pamodzi ndi dzina la wopeka. Kakomedwe ka liwu, kutsetsereka kwake ndi kuyankhana kwa amuna ndi akazi kunatsalabe m'kamwa mwa anthu. Dzina la wopeka lija, limene olemba a masiku amenewo sanaiwale kuliika, ndilo chinthu chimene mbadwo wathu wa makompyuta wachitaya, monga tidzaona.

M'chaka cha 1904 Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo msonkho utayamba, amuna anatuluka m'midzi kukafuna ndalama kutali: ena pansi ndi mapazi awo, kudzera ku Lundazi ndi ku Fort Jameson kufikira ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ulendo umene ankautcha selufu, ena pambuyo pake mwa kulembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Ambiri anatchona, osabwereranso; koma iwo amene anabwerera anali kufika ndi bokosi la zovala, njinga, makina osokera, ndipo wodala pakati pawo anali kufika atasenzetsa galamafoni. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwana wa mudzi wobwera ku Joni anali mlendo ndithu madzulo amene anatsegula bokosi lija pabwalo, napukusa chogwirira chake, naika singano pa mbale yakuda, mudzi wonse numva munthu wosaoneka akuimba.

Galamafoni sinafune magetsi kapena batire, ndicho chifukwa chake inakhoza kulowa ku Edingeni, ku Emfeni ndi ku Khosolo monga momwe inalowera pa boma. Mphamvu yake inali mu sipuling'i yopukusa ndi dzanja. Mbale yake inali kuzungulira ka 78 pa mphindi imodzi, mbali imodzi nkuimba mphindi ngati zitatu zokha. Singano yake yachitsulo inali kubuntha msanga, ndipo mwa lamulo lake inayenera kusinthidwa kawirikawiri. Pamenepo ndipo panabadwa ntchito imene nkhani ino ikulondola, ntchito ya kufufuza chifukwa chimene makina oimba atonthola. Woimba akayamba kukoka mawu ngati wotopa, eni ake anadziwa kuti sipuling'i yafooka. Mawu akasasa, anadziwa kuti singano yatha, ndipo poti sitolo yogulitsa singano inali kutali, ena anali kuinola pamwala, ngakhale kutero kunali kudya mizere ya mbale. Sipuling'i ikaduka, anali kuitengera kwa wokonza njinga kapena mawotchi, amene analibe buku lomuuza za m'kati mwake, koma khutu, maso ndi kudekha. Mbale zinali za makampani onga Gallo wa ku Johannesburg, Columbia ndi His Master's Voice, zoimba Chizulu, Chindebele ndi Chingerezi. Ndipo kwa nkhalamba za Chingoni, zimene chilankhulo cha makolo chinali kuzilala m'kamwa mwa adzukulu awo olankhula Chitumbuka, kumva Chizulu chikutuluka m'bokosi kunali ngati uthenga wochokera kwawo.

Nyimbo za eni dziko zinayamba kulowa m'makina ndi dzanja la alendo. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za 1950 ndi 1958 ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mawu, najambula nyimbo za Atumbuka, Atonga, Achewa ndi mitundu ina. Ndipo chinthu chimene tiyenera kumlemekeza nacho nchakuti pa nyimbo iliyonse anayesetsa kulemba woimba, chilankhulo, malo ndi tanthauzo lake. Zojambula zakezo zisungidwa kufikira tsopano ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa m'chaka cha 1954, ndipo lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa.

Za wailesi tinene mwachidule. M'chaka cha 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, komvera nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka kumene Alick Nkhata anali kuimba ndi kulengeza. MBC inabadwa m'chaka cha 1964, ndipo mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre, ndi a Supersonic a ku Bulawayo amene obwera ku ntchito anali kudza nawo, anadzaza m'midzi pamodzi ndi magumbagumba a pa maphwando. M'chaka cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, osabwereranso kufikira boma litasintha m'chaka cha 1994. Ndipo ife olankhula Chichewa tiyenera kuvomereza kuti ichi chinali chilonda kwa abale athu a kumpoto, amene kwa zaka zonsezo anagula mabatire kuti amve makina osalankhula chilankhulo cha amayi awo. Njira ya ku migodi nayo inatsekeka kwa kanthawi ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 nipha Amalawi oposa 70, koma mapazi a ana a Mzimba sanaleke kuloza kum'mwera, ndipo ndi iwo omwe anabweretsa wailesi ya kaseti.

Kaseti ndiyo inayamba kupatsa munthu wamba mphamvu ya kujambula mwini yekha. Kwaya ya mpingo wa kumudzi, gulu la ingoma, ngakhale nyimbo za pa ukwati, zonse zinakhoza tsopano kulowa m'tepi ndi kutumizidwa kwa m'bale wa ku Joni; ndipo makaseti a Alleluya Band ya ku Balaka, a Lucius Banda ndi a Wambali Mkandawire, mwana wa kumpoto amene anaimba Chitumbuka mopanda manyazi, anafika m'misika yonse. Mavuto a kaseti anali ooneka ndi maso: tepi ikatafunidwa, mwana aliyense anadziwa kuibweza ndi cholembera, ikaduka, anailumikiza, mawu akalowa pansi, anapukuta mutu wa makina ndi thonje loviika mu sipiliti, lamba wa m'kati akatambasuka, anaisiya kwa wokonza mawailesi wa pakhonde la sitolo.

Tsopano tafika pa makina amene mavuto ake saoneka ndi maso. M'zaka zotsatira 2000, magetsi a ESCOM atafalikira m'malo ochitira malonda, ndipo makompyuta akale atayamba kulowa m'dziko, ena a iwo pa magalimoto omwe aja onyamula katundu wa ogwira ntchito ku South Africa, munaoneka timashopu tatsopano pa msika wa Mzimba, pa Jenda pamene msewu wa M1 uyandikira malire a Zambia, pa Embangweni ndi pena ponse pamene panafika nthambo: kachipinda kopapatiza, tebulo, kompyuta imodzi, ndi sipika yaikulu pakhomo yoitana odutsa. Mnyamata wokhala m'menemo ntchito yake ndi kubena nyimbo, poyamba pa ma CD, pambuyo pake m'mafulashi ndi m'ma memory card a mafoni. Ndipo chida chake choyamba, asanadziwe zina zonse, chinali pulogalamu imene anaipeza ili kale m'kompyutamo, yotchedwa Windows Media Player.

Pulogalamuyi ili ndi mbiri yake. Kampani ya Microsoft inayamba kuika choimbira m'kati mwa Windows m'chaka cha 1991. M'chaka cha 2000 inatulutsa Windows Media Player 7, yokhala ndi kaundula wa nyimbo ndi mphamvu ya kukopera ndi kubena ma CD. Windows XP ya m'chaka cha 2001, imene inakhalitsa m'mashopu athu zaka zambiri eni ake ataisiya, inanyamula mtundu wotsatira. Ndipo mtundu wa 12 unadza ndi Windows 7 m'chaka cha 2009. Amene anaipanga anali kulingalira za munthu wokhala ndi intaneti m'nyumba, magetsi osazima, ndi ma CD ogula m'sitolo zazikulu. Mnyamata wa pa Jenda analibe ngakhale chimodzi cha zitatuzi, ndipo pafupifupi mavuto onse amene anakumana nawo anachokera pa kusiyana kumeneku.

Vuto loyamba linali kutonthola kwenikweni: nyimbo ioneka ikuyenda pa sikirini, koma sipika ili chete. Wopupuluma anali kuthamangira kunena kuti kompyuta yafa. Wodekha anali kuyamba ndi zapafupi, kuona ngati nthambo ya sipika yalowa pa bowo lake lobiriwira, ngati mawu sanatsekedwe pa pulogalamu kapena pa Windows penipeni, ndipo potsiriza ngati driver ya mawu ilimo, pakuti kompyuta ikafomatidwa driver imeneyi inali kusowa kawirikawiri, ndipo kopanda intaneti munthu anayenera kuyenda ulendo kukaipempha kwa mnzake. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero makolo, ndipo pa ntchito iyi mwambiwo unakwaniridwa tsiku ndi tsiku.

Vuto lachiwiri, limene linasautsa ambiri, linali la codec. Nyimbo kapena filimu ikamasungidwa m'kompyuta imapanikizidwa kuti ichepe, ndipo pali njira zambiri za kapanikizidwe. Pulogalamu yoimbira iyenera kukhala ndi codec ya njira iliyonse kuti imasule, monga mwini nyumba ayenera kukhala ndi kiyi wa loko aliyense wa m'nyumba mwake. Windows Media Player ya masiku a XP inali ndi ma codec owerengeka, makamaka a Microsoft mwini: mafilimu a ku Nigeria ndi a nkhondo amene eni mavidiyo anali kuwafuna, opanikizidwa mwa DivX kapena Xvid, anali kutulutsa mawu popanda chithunzi, DVD inali kukana kufikira munthu ataikamo pulogalamu ina yoimasula, ndipo pulogalamuyo ikafuna kudzitengera codec pa intaneti, intaneti panalibe. Mankhwala ake anayenda m'mafulashi kuchokera pa shopu kunka pa shopu: ena anaikamo mtolo wa ma codec wotchedwa K-Lite, ena anasamukira ku VLC, pulogalamu yaulere imene inayambidwa ndi ophunzira a pa École Centrale ku Paris, yodziwika ndi chizindikiro chake cha chisoti chosongoka cha pamsewu, imene imanyamula ma codec ake m'kati mwake. Windows 7 inachepetsa vutoli pakulandira MP4 ndi mitundu ina. Koma Windows 8 ya m'chaka cha 2012 inachotsanso kuonetsa DVD, ndipo VLC inakhazikika ndithu.

Panali misampha ina iwiri imene inadyetsa anthu ndalama. Pokopera nyimbo kuchokera pa CD, pulogalamuyi inali kuzisunga mwa mtundu wa WMA ngati munthu sanaiuze zina, ndipo mafoni ndi mawailesi ambiri otchipa sanali kuuzindikira mtundu umenewu. Mayi anali kulipira, kuyenda mtunda wautali kubwerera kumudzi, ndi kupeza memory card yake ili duu, chikhalirecho chofunika chinali kungosintha posankhira kuti pakhale MP3. Momwemonso pobena CD panali kusankha pakati pa Audio CD, yolowa mphindi 80 zokha koma yoimba pa makina aliwonse, ndi Data CD, yolowa 700 MB, ndiko kuti nyimbo zoposa 100, koma yokanidwa ndi makina akale. Wobena wanzeru anaphunzira kufunsa asanagwire ntchito: “Kodi amayi, kunyumba mukaimbira pa chiyani?” Safunsa anadya phula, ndipo funso limenelo, pamodzi ndi chizolowezi cha kubena pa liwiro lochepa kuti CD isamadumphe ndi kuyesa khadi pa foni ya mwini wake asanachoke, ndilo linasiyanitsa mmisiri ndi wongodya ndalama za anthu.

Pamwamba pa zonsezi panali adani awiri. Woyamba ndi magetsi ozima mwadzidzidzi, makamaka m'zaka za 2016 ndi 2017 pamene madzi anachepa m'nyanja ndi mu Shire. Magetsi akazima CD ili m'kati mobenedwa, CD imeneyo yatayika, ndipo nthawi zina kaundula wa nyimbo wa pulogalamuyo anali kusokonekera, kuonetsa nyimbo zimene kulibe ndi kubisa zimene zilipo, kufikira munthu atamfafaniza kuti pulogalamu imangenso watsopano. Wachiwiri ndi vayirasi yoyenda m'mafulashi, imene imabisa mafoda ndi kusiya zithunzithunzi zake zabodza. Apa ndipo panatayika chuma chambiri, pakuti mafayilo amakhala alimo, obisika chabe, ndipo wodziwa amawaonetsanso; koma wosadziwa amafomata khadi lonse, ndipo madzi akatayika saoleka.

Sitingabise kuti ntchito imeneyi inadzetsa kulira kwa oimba. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 potsata lamulo la umwini wa zaluso la 1989, linali litazolowera kuika chizindikiro chake pa makaseti ndi ma CD. Koma nyimbo yokopedwa m'kamphindi kuchoka m'kompyuta kulowa m'khadi ilibe chikuto choikapo chizindikiro, ndipo misika ya makaseti imene inali kudyetsa oimba inagwa. Lamulo latsopano la 2016 linaika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo kuti oimba apezeko kanthu. Ine ndiona kuti wantchito ayenera malipiro ake, ndipo wobena amene adya za thukuta la woimba ayenera kulipira chiphaso chake mokondwa. Komanso ndiona kuti popanda timashopu timeneti, makwaya a ku Champhira ndi ku Luwerezi, amene palibe kampani inawafunapo, sakanamveka kunja kwa mpingo wawo.

Koma chimene chindilemera mtima koposa zonse ndi ichi. CD ikalowa m'kompyuta, Windows Media Player imafunsa pa intaneti dzina la chimbale, la woimba ndi la nyimbo iliyonse; ikapanda kuyankhidwa, kapena chifukwa intaneti palibe, kapena chifukwa chimbalecho nchakumudzi chosalembedwa m'kaundula aliyense wa padziko, imalemba yokha kuti Unknown Artist, Unknown Album, Track 1, Track 2. Mnyamata wotanganidwa ndi mzere wa makasitomala alibe nthawi ya kukonza zimenezi, ndipo fayilo imatuluka yopanda dzina, nilowa m'foni, nidumphira m'foni ina pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, nifika ku Johannesburg ndi ku Cape Town kwa ana a Mzimba olira kwawo, popanda wodziwa kuti oimbawo ndani, a mudzi uti, anaimba chaka chiti. Taonani tsono: amishoni a ku Loudon, ndi pepala ndi inki, anatisungira dzina la Peter Thole, Tracey, mlendo wodutsa, anatisungira mayina a oimba a m'midzi, koma ife amene tili ndi makina okhoza kusunga nyimbo zikwi m'kanthu kochepa ngati chikhadabo, ndife amene tikusiyira ana athu nyimbo zamasiye.

Ndipo chotengera chilichonse chikasintha, china chimatsala m'mbuyo. Mbale za galamafoni zinasweka. Makaseti a makwaya ndi a ingoma a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ali m'mabokosi, akudyedwa ndi chinyezi, ndipo makina owaimbira akusowa. Ma CD obena amakandika ndi kufufuma. Memory card imafa tsiku limodzi popanda kudwala, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Windows nayo yasintha: m'chaka cha 2022 Windows 11 inalandira Media Player yatsopano, ndipo achinyamata ambiri tsopano amvera pa foni osafikanso pa shopu. Chaka ndi chaka, mwezi wa August, Angoni asonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo mafoni osawerengeka akwezedwa m'mwamba kujambula ingoma. Vimbuza nayo inalemekezedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse. Koma zojambulidwa m'mafonimo zambiri sizipyola moyo wa foniyo.

Chifukwa chake ndikudandaulirani inu anyamata a m'mashopu obenera nyimbo, a pa boma, a pa Jenda ndi a pa Embangweni, pakuti makompyuta anu ndiwo asunga nyimbo za dziko lino zochuluka koposa malo ena onse: kwaya kapena gulu la gule likakubweretserani nyimbo zake, lembani pa fayilo dzina la gulu, la wopeka, la mudzi ndi chaka, pakuti pulogalamu yomweyo imalola kusintha mayina amenewa, ndipo ntchitoyo siitenga mphindi zambiri, sungani nyimbo za kwanu m'malo awiri, ndipo musafomate khadi la munthu musanayese kuonetsa zobisika. Inunso akulu a mipingo, mafumu, ndi a wailesi ya Mzimba Community Radio, itanitsani makaseti akale amene ali m'nyumba za anthu, akoperedwe m'kompyuta pamene okalamba odziwa mawu a oimbawo akali ndi moyo kuti atchule mayina awo.